Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Madzi ndi Chilala Kuchokera ku Makka Kufika ku Chiradzulu

Pambuyo pomutamanda Allah ndi kumufunira madalitso Mtumiki wake Muhammad (SAW), tsamba lathu la lero silikupereka chidule cha khutba monga mwa nthawi zonse, koma likuunika mbiri ya chinthu chimene Msilamu amachigwira asanayambe swala iliyonse. Mzikiti ungathe kumangidwa wopanda malata, wopanda mkeka, ngakhale wopanda chitseko, koma mzikiti wopanda madzi pafupi suchedwa kusanduka nyumba ya mileme.

M'zaka zino tikatuluka ku Jumu'a kumamveka magulu awiri. Ena amati nyengo yasintha, mvula ya masiku ano si ya kale. Ena, makamaka akuluakulu, amayankha kuti chilala chinalipo kuyambira makedzana, ndipo amatchula njala ya 1949. Magulu onse awiri akunena zoona, ndipo mbiri ndiyo ingatithandize kusiyanitsa chakale ndi chachilendo.

Akatswiri amati mwa madzi onse a padziko lapansi, osakwana magawo atatu pa 100 alionse ndiwo opanda mchere, ndipo ambiri mwa amenewo ali oundana ku malekezero a dziko kapena ali pansi pa nthaka. Otsala ochepawo ndiwo akhala akusankhira mtundu wa anthu malo okhala. Mzinda wa Makka ndi umboni woyamba. Pamene Mneneri Ibrahim (AS) anasiya mayi Hajar ndi khanda lawo Ismail m'chigwa chija, munalibe mudzi, munalibe munda. Kasupe wa Zamzam atatumphuka, anthu a fuko la Jurhum amene ankadutsa anaona mbalame zikuzungulira, nazindikira kuti pansi pali madzi. Anapempha malo, ndipo mayi Hajar anawalola kukhala ndi kumwa, koma umwini wa kasupeyo sanaupereke. Taonani kuti pangano loyamba la mzinda wopatulikawu linali pangano la madzi, ndipo analikhazikitsa ndi munthu wamayi. Mpaka m'nthawi ya Mtumiki (SAW) udindo womwetsa amwendamnjira a Hajj unali umodzi wa maudindo aulemu kwambiri pakati pa Akuraishi, ndipo unali m'manja mwa Abbas, m'bale wa bambo ake a Mtumiki. Ngakhale liwu loti Shariah, pachiyambi pake m'Chiarabu, linkatanthauza njira yotsikira kumadzi.

Kummwera kwa Arabia, m'dziko la Yemen, kunali chitsanzo china. Anthu a Saba anamanga damu lalikulu ku Ma'rib lotchinga madzi a mvula otsika m'mapiri, ndipo kwa zaka zoposa 1,000 linkathirira minda pakati pa chipululu. Linkang'ambika nthawi zina, anthu nkulikonza. Mwala wina wolembedwa umene ulipo mpaka lero ukusimba kuti Abraha, yemwe uja wa nkhani ya njovu, anasonkhanitsa khamu la anthu kulikonza cha m'ma 548. Patangopita zaka makumi ochepa linagumuka kotheratu, ndipo sipanapezekenso wolidzutsa. Qur'an yolemekezeka m'Surat Saba ikunena za chigumula chimenechi ngati mphotho ya kusathokoza. Olemba mbiri nawo akuti matope anadzaza damulo pamene ufumu unali utafooka, malonda atasamukira kunyanja, ndipo panalibenso mtsogoleri wotha kuitana anthu ku ntchito. Ine sindiona kutsutsana pa mafotokozedwe awiriwa. Kusathokoza mtendere wa Allah sikukhala pakamwa pokha. Kumaonekeranso pa ngalande imene yasiyidwa osakumbidwa. Mafuko a ku Yemen anabalalika, ndipo malinga ndi olemba mbiri a Chiarabu, Aws ndi Khazraj amene anadzalandira Mtumiki (SAW) ku Madina anali zidzukulu za anthu osamuka kumeneko.

Ku Madina nkhani ya madzi inalowa m'malamulo. Osamuka ochokera ku Makka atachuluka, madzi abwino anachepa, ndipo chitsime cha Rumah chinali cha munthu amene ankagulitsa madzi ake. Uthman bin Affan (RA) anachigula nachipereka kuti aliyense azitunga ulere, iye mwini chimodzimodzi ndi wina aliyense. Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti madzi, msipu ndi moto ndi zinthu zogawana, analetsa kumana anthu madzi otsala, analetsa kuchita chimbudzi m'madzi odikha ndi pamalo otungira, ndipo anadzudzula kuononga madzi pa wudhu ngakhale munthu ali m'mbali mwa mtsinje woyenda. Pa mkangano wa ulimi wothirira anagamula kuti wakumtunda athirire kufikira mlingo wodziwika, kenako awamasule madziwo kuti apite kwa mnzake wakumunsi. Ma ulama a fiqhi anadzaonjezera kufotokoza za harim, malo ozungulira chitsime kapena kasupe amene saloledwa kumangapo kapena kukumbapo china choononga madziwo. Amene amalima dimba m'mbali mwa Mombezi kapena Namadzi m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti milandu yotereyi sinathere ku Madina.

M'chaka cha 18 cha Hijra, chimene ndi 639, kunagwa chilala chimene Aarabu anachitcha chaka cha phulusa, poti nthaka inauma nkumauluka ngati phulusa. Khalifa Umar bin Khattab (RA) analembera abwanamkubwa a zigawo kuti atumize chakudya, anakhazikitsa malo ophikira anthu othawira ku Madina, anachedwetsa kutolera zakaat ya ziweto, ndipo anaimitsa chilango cha kudula dzanja kwa wakuba chifukwa cha njala. Iye mwini anasiya kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka khungu lake linasintha. Anatsogolera swala yopempha mvula, napempha Abbas (RA) kuti apange dua. Patapita zaka zochepa, Iguputo atalowa m'manja mwa Asilamu, analamula Amr bin Aas (RA) kufukula ngalande yakale yolumikiza mtsinje wa Nile ndi Nyanja Yofiira kuti tirigu azifika ku Hijaz pa zombo. Swala ndi khasu zinayendera limodzi. Patapita zaka zoposa 150, Zubaydah, mkazi wa Khalifa Harun Rashid, anaononga chuma chake chochuluka kukokera madzi ku Makka ndi ku Arafat kuchokera m'mapiri akutali, ndi kukumbitsa zitsime ndi maiwe m'njira ya Hajj yochokera ku Kufa. Njirayo ikudziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Tsono tibwerere kwathu.

Makolo a dziko lino, Amang'anja ndi Achewa, ankadziwa bwino kuti ufumu umaima pa mvula. Kunali akachisi opemphera mvula, wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi wa Makewana ku Msinja. Ife Asilamu sitipempha mvula kwa wina aliyense koma Allah yekha, ndipo pamenepa palibe kunyengerera. Komabe wolemba mbiri ayenera kunena chilungamo: nkhalango zozungulira malo amenewo sizinkadulidwa, ndipo pamitu ya mitsinje yambiri mikuyu ndi katope zinkasiyidwa chifukwa cha mantha. Chikhulupiriro chinali cholakwika, koma kasupe ankatetezeka. Ife amene tinalandira lamulo lomveka la harim tadula mitengo imene iwo ankaiopa.

Cha m'ma 1850 ndi 1860 magulu a Ayao anayamba kulowa m'mapiri ano kuchokera kumpoto chakum'mawa, atakankhidwa ndi nkhondo ndi njala kwawo. Anapeza Amang'anja akulima, akuomba nsalu za thonje ndi kusula zitsulo. Mu 1859 David Livingstone anadutsa dera lino naona nyanja ya Chilwa, ndipo analembera anzake ku Ulaya kuti ili ndi dziko lamadzi ndi lachonde. Mu Julaye 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anamanga misasa ku Magomero, m'mudzi wa mfumu Chigunda, pamalo pamene mtsinje wa Namadzi umakhota nkuzungulira kamtunda. Anasankha malowo poona kuti ndi osavuta kuteteza pa nkhondo, nasonkhanitsapo anthu ambiri amene anawalanditsa kwa ogula akapolo. Koma anthu ochuluka pamalo opanikizika, akumwa mtsinje womwewo umene zonyansa zawo zinkatsikiramo, anayamba kufa ndi kamwazi. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 ali paulendo kufupi ndi mathiriro a Ruo, ndipo miyezi yochepa pambuyo pake otsalawo anasiya Magomero natsikira kwa Chibisa ku Chikwawa. Kumeneko anakumana ndi choopsa choposa. Mvula ya 1862 inakanika, ndipo chilala chinagwera anthu amene nkhondo inali itawachotsa kale m'minda yawo. Livingstone atabwerera mu Shire kuchiyambi kwa 1863 anapeza midzi ili zii, mitembo ikuyandama mumtsinje. Mphamvu ya mafumu a Chimang'anja inathera pamenepo. M'chigwa munadzuka Amakololo, m'mapiri muno munakhazikika mafumu a Chiyao, ndipo maina monga Mpama ndi Kadewere amene tikuwadziwa lero mizu yake ili m'kusintha kwa nthawi imeneyo. Chisilamu nacho chinadzayenda m'njira zimene kusamukako kunatsegula. Chilala pachokha sichikadagwetsa mtundu wonse. Chinapeza nkhokwe zitatenthedwa ndi anthu atathawira m'mapiri.

Atsamunda atalanda dziko, malo aakulu a boma lino anagwa m'manja mwa eni esiteti, ndipo yaikulu inali ya A. L. Bruce ku Magomero. Alhomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, nakhala pa esiteti polipira ndi thangata. Ntchito ya thangata inkafunidwa m'dzinja, nthawi yomwe munthu amayenera kukhala m'munda mwake, kotero kuti mvula ikangochepa pang'ono banja linalibe pothawira. Zaka za 1912 ndi 1913 zinali za chilala ndi njala, msonkho wa nyumba uli pomwepo, ndipo pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anadzuka ku Mbombwe. Zifukwa za kuukirako zinali zambiri, koma njala inali m'gulu.

M'chaka chomwecho cha 1915 kunachitika chinthu chimene achinyamata ambiri sakhulupirira akamva. Nyanja ya Malawi inatsika kwambiri mwakuti inaleka kutulutsa madzi mu Shire, ndipo kukamwa kwa mtsinjewo kunatsekeka ndi mchenga ndi bango kwa zaka pafupifupi 20, mpaka cha m'ma 1935. Anthu analima pansi pa nyanja ya Malombe. Lero magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa mumtsinje womwewo pa Walker's Ferry nkukwezedwa mtunda wa mamita pafupifupi 800. Damu la pa Liwonde linamangidwa mu 1965 kuti lizilamulira katulukidwe ka madziwo, koma damu limasunga madzi amene alipo. Silingalenge amene kulibe.

Za 1949 akuluakulu athu ndiwo mabuku. Mvula inayamba, anthu nkudzala, kenako inadula pakati pa dzinja, chimanga nkupserera chisanamasule. Madera a Lunzu, Lirangwe ndi kuno kwathu anavutika kwambiri. Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi pocheza ndi amayi a m'midzi ya Blantyre, anapeza kuti chimene amayiwo ankakumbukira koposa chinali kutha kwa mabanja: amuna ankapita kukasuma kutali, ena osabwereranso, mayi nkutsala ndi ana. Njala imayesa nikah kuposa mmene imayesera m'mimba, ndipo ndi chifukwa chake nkhani ya mvula ndi yoyenera kukambidwa pa mimbari.

Nyanja ya Chilwa, kumene madzi a Namadzi amakathera, ndiyo kalilole wa mvula ya chigawo chino. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukira, ndipo mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi ndi panjinga kupita ku chilumba cha Chisi. Nthawi iliyonse ikaphwa, matemba amasowa pamsika wa Mbulumbuzi ndi Namitambo, ndipo wosauka amene ndiwo yake ya nyama inali yomweyo amabwerera ku masamba okhaokha.

Pali mbali ina ya mbiriyi yosangalatsa imene siyenera kuiwalika. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba anthu a m'midzi anayamba kukoka madzi a m'phiri ndi mapaipi popanda injini, madzi akutsika okha. Boma linkapereka mapaipi ndi alangizi, anthu nkumakumba ngalande okha mudzi ndi mudzi, osalipidwa. Ntchitoyi inafalikira ku Mulanje ndi Phalombe m'zaka za m'ma 1970, ndipo mipopi ya madzi a phiri la Mulanje inafika mpaka mbali ya Namitambo. Maiko ena ankabwera kudzaphunzira. Mjigo wa Afridev umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse lero unayamba kuyesedwa kuno ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unapangidwa mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi. Mipopi yambiri ya nthawi ija inadzauma, ina chifukwa mitsinje ya kumtunda inachepa, ina chifukwa makomiti anafa ndipo paipi ikaphulika panalibe woitana anthu. Ndi nkhani ya Ma'rib yomwe ija, pa msinkhu wa mudzi. Mu 2019 paipi ina yaikulu inatha kumangidwa, yotenga madzi mumtsinje wa Likhubula ku Mulanje, kuwayeretsera ku Nguludi m'boma lathu lino, ndi kuwapititsa ku Blantyre. Anthu ena a ku Mulanje anaitsutsa poyamba, akufunsa kuti adzasamalira phirilo ndani. Funso lawo linali funso la mayi Hajar kwa a Jurhum.

Nanga chachilendo nchiyani? Choyamba ndi kuchuluka kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, limene ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri, ndipo ndi limodzi mwa maboma amene anthu ali othithikana koposa. Minda yakwera m'mapiri, madambo alimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mitengo yathera ku makala ndi ku mauvuni a njerwa. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa mvula nkumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe mpaka chilimwe. Phiri lometedwa limaitaya tsiku lomwelo, itanyamula nthaka, ndipo pofika Seputembala chitsime chauma.

Chachiwiri sichinachokere kwathu. Kuyambira pamene maiko olemera anayamba kutentha malasha ndi mafuta m'mafakitale zaka zoposa 200 zapitazo, mpweya wa kaboni wachuluka mumlengalenga ndi theka la mlingo umene unalipo kale, ndipo umagwira kutentha ngati bulangete. Dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi. Mpweya wotentha umayamwa chinyezi chambiri m'nthaka ndi m'nyanja, motero ng'amba imaumitsa msanga, ndipo mvula ikagwa imakhuthuka yambiri nthawi imodzi. Nyanja ya India nayo yatentha, ndipo namondwe amapeza mphamvu pa madzi otentha. Chilala ndi chigumula zinalipo kale, koma kale zinkapatsa anthu zaka zopumira. Taonani mndandanda wa posachedwapa: madzi osefukira mu Januwale 2015, chilala mu 2016 chimene chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, ndi chilala china mu 2024 pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Banja limene lagulitsa mbuzi chaka chino silikhala litagula ina tsoka lotsatira likamafika.

Napolo tinkamudziwa. Anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991. Koma Freddy anayenda panyanja masabata oposa asanu, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku, ndipo atafika kuno mu Malichi 2023, patatsala masiku ochepa kuti Ramadhan iyambe, malo ena ku Phalombe analandira mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, yomwe ndi mvula ya chaka chathunthu m'madera ambiri. Phiri la Soche linagumukira pa Chilobwe. Kuno kwathu matope ndi miyala zinatsika m'phiri nkukokolola mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo mabanja ambiri sanapeze thupi loti alisambitse ndi kuliswalira. Allah awachitire chifundo amene anatisiya. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'malo ambiri matope anadutsa m'makwawa akale amene anthu anali atamangamo nyumba chifukwa chosowa malo ena.

Chodabwitsa nchakuti madzi akachuluka chotere, akumwa ndiwo amasowa. Zimbudzi zimagumukira m'zitsime, mijigo imamira, mapaipi amaduka. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 pambuyo pa anamondwe a chaka chimenecho anafalikira m'maboma onse napha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino. Chimene chinapha anthu a pa Magomero mu 1861 ndi chomwecho: madzi akumwa osakanikirana ndi zonyansa, chinthu chimene Mtumiki (SAW) anachiletsa zaka 1,400 zapitazo.

M'zaka zapitazi abale athu akufuna kwabwino, a kuno ndi a kunja, akumba mijigo yambiri pa mizikiti ndi pa madrasa, ambiri mwa iwo potsata chitsanzo cha Sa'd bin Ubadah (RA) amene anakumba chitsime kuti chikhale sadaka ya mayi ake omwalira. Allah awalipire. Koma aliyense woyenda m'midzi ya kwa Chitera, kwa Nkalo kapena kwa Kadewere waonapo mjigo wokhala ndi chikwangwani chokongola cha dzina la wopereka, chogwirira chake chili lende, udzu utamera pa simenti, chifukwa cha kamphira kotha kamene mtengo wake sufika pa nkhuku imodzi. Amayi abwerera kudambo ndi zigubu, ndipo wopereka uja kwawoko akuganiza kuti sadaka yake ikuyendabe.

Ma ulama a fiqhi anaiona kale nkhaniyi pa malamulo a waqf. Iwo anagamula kuti phindu la waqf liyambe lagwira ntchito yokonza waqf womwewo lisanapite kwina kulikonse, ngakhale woperekayo atakhala kuti sananene choncho, chifukwa cholinga chake chinali chakuti chinthucho chikhalitse. Anagamulanso kuti pakhale nazir, munthu wodziwika ndi dzina amene adzafunsidwe chinthucho chikaonongeka. Mjigo wa pamzikiti ndi waqf, ndipo amamwapo Msilamu ndi Mkhristu mofanana, monga anachitira Uthman (RA) pa Rumah. Komiti ya mzikiti imene ili ndi buku la ndalama za malata ndi za mphatso ya Imam iyenera kukhalanso ndi tsamba la mjigo, lolembedwa dzina la nazir wake, tsiku limene mipira inasinthidwa komaliza, mtunda wa pakati pa mjigowo ndi chimbudzi choyandikana nacho, ndi ndalama ya chopereka cha Jumu'a imene yapatulidwa kuti igule zipangizo mwezi wa Ogasiti usanafike, madzi a pansi asanayambe kutsika.